Makatoni a sopo m'nyumba mwa alamu anga

Lachiwiri lapitali ndinaima pamzere wolakwika.

Musafulumire kundiseka, inunso mwaimapo. Masiku ano ukaona anthu andanda kutsogolo kwa sitolo, umayamba waima kaye kumbuyo kwawo, zofunsa kuti kwabwera chiyani n'zapambuyo. Ukayamba ndi kufunsa, malo ako watenga wina.

Ndinapita ku Petauke kumsonkhano wa aphunzitsi. Pochoka ku Nyimba, mayi a kunyumba anandiperekeza ndi mawu amodzi okha, akuti ndikaona sopo ndisamusiye. Kwathu sopo anasowa kalekale. Malaya ndavalawa anachapidwa ndi masamba a papaya, ndipo ana a m'kalasi mwanga sandiseka chifukwa awonso ndi chimodzimodzi.

Msonkhano utatha ndinadzera kumsika. Pakhomo pa sitolo ina panali khamu, ndipo ndinamva wina akuti, "Ni sopo." Sindinadikire kumva zambiri. Ndinakaima kumbuyo kwa mdala wina wa chipewa cha mlaza, mtima uli m'malo kuti lero ndikalowa m'nyumba mutu uli m'mwamba.

Makatoni ankatulukadi m'sitolomo, koma sankabwera kwa ife. Amuna awiri a yunifomu ya kaki ankawakweza pa wilibala. Pambali panaima amayi achipani atavala zitenje zofanana. Ndipo amene ankalamula ntchito yonseyo anali alamu anga enieni, aMulenga, mwamuna wa mlongo wanga Belita.

AMulenga ndi a kumpoto. Boma linawatumiza ku Petauke kuti aziyendera misika ndi masitolo kuona zaukhondo, ndipo kumeneko ndi kumene anakumana ndi mlongo wangayo. Ine ndi iwo timanyozana mwachibale, monga tichitira ife a kum'mawa ndi anthu a kwawo. Koma tsikulo nkhope yawo inali ya ntchito.

Anakwera pamasitepe a sitolo n'kutiuza kuti sopo ameneyo sakugulitsidwa, akulandidwa.

"Abambo na amai, boma laletsa sopo na mafuta odzola amene muli mekyule. Mekyule ni poizoni. Alowela pakhungu, apita ku impso, apita kumutu. Kuyambila lelo, uyu sopo osamugwila."

Mdala wa chipewa uja anakweza dzanja ngati mwana wa sukulu.

"Nanga kuchapila malaya, bwana? Malaya alibe impso."

Anthu anaseka, koma mdalayo sankaseka. Anali atayenda kuchokera kumudzi atamva mphekesera ya sopo, monganso ine.

"Awe, olo kuchapila," anatero aMulenga.

Mayi wina wobereka mwana anafunsa kuti nanga munthu adziwa bwanji sopo woletsedwayo, poti mapaketi ena analembapo mawu a mekyulewo, ena sanalembe kanthu, ndipo iye ngakhale atalemba sawerenga Chingelezi.

"Ni uja sopo woyeletsa," anayankha alamu anga.

"Nanga kuli sopo wosayeletsa?"

Pamenepo aMulenga anayang'ana kumwamba pang'ono. Ine ndinawamvera chisoni, chifukwa funso limenelo likanandigwetsa inenso, mphunzitsi wa chilankhulo.

Mwini sitolo anali ataima pakhomo manja ali m'chiuno. Ananena chapansipansi kuti katundu wakeyo sanagwe kumwamba, anabwera pa lole, pamsewu waukulu, dzuwa likuswa mtengo, ndipo palibe anamuimitsa. Mmodzi wa amayi achipani anatembenuka n'kumuyang'ana. Munthuyo anatsokomola, n'kulowa m'kati.

Kenako mayi wachipani yemweyo anatilankhula. Anati dziko linatenga ufulu kuti munthu wakuda aziyenda monyadira khungu lake, ndipo mkazi wosupula nkhope akubweza atsamunda ndi manja ake. Mawu abwino, ine ndinawomba m'manja ndi mtima wonse. Koma pakati pa amene ankaimba nthungululu ndinaona wina nkhope ili mbuu ngati mphonda, mikono ili bii ngati yanga. Ankalulutira kuposa anzake onse.

Ndinene msanga, wina asandimve molakwa: ine sindikutsutsa lamuloli. Khadi yachipani ndili nayo m'thumba ngati wina aliyense. Ngati chinthu chikupha anthu, chichoke. Ndikungonena kuti ndinachoka pamsikapo mutu utazungulira. Sopo wabwino, amene boma silinaletse, sapezeka. Sopo woipa, amene laletsa, anali wodzaza wilibala. Ndani anamulola kulowa? Zaka zonsezi ali pashelefu, poizoniyo anali m'tulo?

Ndinaganiza zokaona mlongo wanga ndisanakwere basi. Panali patapita miyezi ndithu tisanaonane.

Ndinamupeza atakhala pamphasa kuseri kwa nyumba, kumthunzi, miyendo atatambasula. Anafuna kudzuka kuti andilandire chikwama, koma anachita kugwira khoma. Mapazi anali otupa, patapata atangolowa zala zokha. Nkhope inali yoyera monga ndaizolowerera, koma m'masaya munali mawanga akuda ngati poto wopserera.

"Alongosi, mwabwela osatuma mau," anatero.

Anandipangira tiyi. Pobweretsa kapu, dzanja linkanjenjemera mpaka tiyi anatayikira m'sosala. Anaona kuti ndaona.

Belita ndi chitsirizira m'mimba mwa amayi athu. Tinakulira ku Nyalugwe. Ali mtsikana anapita ku Lusaka kukalera ana a azakhali, ndipo atabwerako anali atasintha. Mudzi wonse unati tauni yamuyanja. Palibe anafunsa kuti tauni imayanja bwanji nkhope ndi khosi n'kusiya zigongono. Kuyambira nthawi imeneyo sanasiyepo kusamba sopo uja, m'mawa ndi madzulo, thovu n'kumalisiya liume pankhope.

Anandiuza kuti sabata yatha anapita kuchipatala yekha, amuna ake osadziwa. Wothandiza dokotala anamudina phazi ndi chala, chala n'kusiya dzenje. Anamufunsa zimene amadzola. Atamuuza, munthuyo anati asiye tsiku lomwelo, apite kuchipatala chachikulu akayezetse mkodzo, chifukwa impso zikhoza kukhala zitayamba kutopa. Anati akasiya msanga mwina thupi lidzabwerera, koma sanalonjeze.

"Ninamufunsa kuti mekyule ni chiyani," anatero Belita. "Anatenga kagalasi kaja koyezela kutentha kwa thupi, ananionetsa tumadzi twa siliva tuli mkati. Akuti ni ameneyo. Atamaliza kunionetsa, ananiika kagalasi kameneko mkamwa."

Tinayang'anana. Ndinayesa kumufotokozera kuti m'kagalasimo chinthucho n'chotsekeredwa, sichikhudza lilime. Anavomera ndi mutu. Koma ndinkamva ndekha kuti ndikulankhula ngati munthu wowerenga chikwangwani chimene mvula yafufuta.

"Ndiye wasiya?" ndinamufunsa.

Anadzuka pang'onopang'ono n'kundiuza kuti ndimutsatire. Anatsegula chitseko cha kachipinda kamene amasungiramo chimanga ndi mpando wothyoka. M'menemo, pamwamba pa matumba, munali makatoni osanjikizana. Fungo lokha linandiuza.

"A uja wa pamsika?"

"Awa ni a sabata yatha. A lelo azabwela madzulo."

Anati amuna ake anayamba kubwera nawo tsiku loyamba la kulanda. Anawalowetsa m'kachipindamo, n'kutseka chitseko, n'kukasamba m'manja. Sananene kanthu. Chitsekocho chilibe loko.

"Manje niuzeni, alongosi, imwe ophunzila. Munthu aziwa kuti nimasamba uyu sopo. Amuona pa bafa masiku onse. Kumsika akuti ni poizoni. Kunyumba wanibweletsela makatoni, osakamba kuti samba, osakamba kuti leka. Afuna nichite chani?"

Kodi inu mukanamuyankha chiyani?

Anandiuza kuti amasiya masiku angapo, akadziyang'ana pagalasi n'kuona mawanga akukula, amalowa m'kachipinda muja. Akatuluka amalira. Kenako amasiyanso.

"Ananipeza nili woyela," anatero. "Kwao ananionetsa kwa amai ao nili woyela. Belita wakuda samuziwa. Nikabwelela mwakale, si ndiye kuti anakwatila munthu wina?"

Apa, owerenga anga, ndi pamene ndikufuna tikambirane, makamaka ife amuna.

Lamulo lagwira mwini sitolo. Amayi achipani adzudzula akazi. Pawayilesi akuchenjeza atsikana. Aliyense wapatsidwa gawo lake la manyazi. Nanga ife, gawo lathu lili kuti?

Mnyamata akabwera ndi mbeta kumudzi, funso loyamba la anzake mumalidziwa. Akati ndi woyera, onse amagwedeza mitu ngati wapha njovu. Mwana akabadwa, azimayi amathamangira kuyang'ana nsonga za makutu kuti aone ngati adzade. Paukwati mkwatibwi timamubisa m'nyumba kuti dzuwa lisamuone. Mtsikana amene wakula akumva zonsezi, tsiku lina n'kupeza kasopo kolonjeza chimene mudzi wonse umayamikira, tinganene kuti ndi wopusa? Walira mvula walira matope. Mvulayo tinalira ndife, koma matope aponda ndi akazi okha.

Ngakhale pakamwa pathu pali msampha. Mbale yotsukidwa timati yayera. Munthu wa mtima wabwino timati ndi woyera mtima. Malaya a litsiro timati ada, ndipo munthu amene sitimufuna timati tamuda. Mayi wa pamsika uja sanafunse zopusa. Ine ndimaphunzitsa ana mawu amenewa chaka ndi chaka, ndipo sindidziwa kuti kamtsikana kakuda kokhala kumbuyo kwa kalasi kamamva chiyani. Kodi tisinthe chilankhulo? Sitingathe. Tichisiye momwemo? Ndiye lamulo lidzatseka sitolo, koma njala ya chinthucho idzatsala, ndipo njala siisowa njira. Mozambique ali pafupi, Malawi ali pafupi, ndipo njinga zimadziwa tinjira timene galimoto ya boma siidziwa.

Komanso ndisanamizire kuti akazi onse amachitira amuna. Ndinafunsapo mphunzitsi mnzanga wamkazi ku Nyimba, wosakwatiwa, wolandira malipiro akeake. Anandiyankha kuti nkhope ndi yake, ndipo palibe anafunsapo boma kuti liletse mowa umene ukutupitsa ziwindi za amuna. Mwina akulakwa. Ndikuganiza kuti akulakwa. Koma pamene akulakwira sindinapapeze bwinobwino.

Tibwerere kunyumba kwa mlongo wanga.

AMulenga anafika dzuwa litapendeka, wilibala ili pambuyo. Atandiona anaseka, n'kunena kuti anandiona pamzere ndipo anadziwa kuti anthu a kum'mawa akamva sopo amathamanga ngati amva mbewa. Tsiku lina ndikanawabwezera zoti kwawo amadya anyani. Tsikulo ndinangowapempha kuti tikhale pansi pa mtengo wa mango, awiriwiri.

Ndinayamba ndi makatoni. Ndinawafunsa chifukwa chake katundu wolandidwa akugona m'nyumba ya munthu.

Anapumira m'mwamba.

"Alamu, munifunsa chinthu chamene nanenso nifunsa. Anatiuza kuti landani. Sanatiuze kuti mukalanda mukachite naye chani. Ku ofesi kulibe kosungila, ndipo nikasiya kuja, mailo nizapeza hafu yabwelela pamsika. Ninafuna kutentha, wina akuti utsi wake ni woipa kupambana sopo. Ninafuna kukwilila, wina akuti mvula izapeleka ku zitsime. Mumtsinje, anthu amwa. Mchimbudzi, akuti nayonso ni nthaka. Nafunsa akulu anga, akuti tiyembekeze yankho kuchoka ku Lusaka."

"Ndiye mwaona kuti malo abwino ndi pafupi ndi mkazi wanu?"

Anayang'ana kunyumba.

"Mapazi ake mwawaona?"

"Naona."

"Manja?"

"Naona, alamu. Nine wa zaumoyo. Ninaziwa asanapite na kuchipatala komwe. Aganiza kuti siniziwa kuti anapita."

"Nanga bwanji simunalankhule?"

Anatola tsamba louma n'kuyamba kulinyenya. Anati iwo sanamuuzepo Belita kuti azidzola chilichonse, ngakhale tsiku limodzi. Ndinati ndikukhulupirira. Ndinafunsa ngati anamuuzapo kuti asiye.

"Nizayamba bwanji? Nikakamba kuti leka, azamva kuti zaka zonse izi nenze kumuona ngati wabodza. Nikakhala chete, azamva kuti nifuna apitilize. Pamsika nikamba na anthu handiledi, lilime silinjenjema. Pano munthu mmodzi chabe, nakangiwa."

Ndinkayembekeza kupeza munthu woipa, kuti ndimukalipire monga mlongo wa mkazi, ndikwere basi mtima utapepuka. M'malo mwake ndinapeza mwamuna wamantha, wokhala ndi mkazi wamantha, aliyense akudikira kuti mnzake ayambe, poizoni ali m'chipinda chapakati. Munthu wotere umamukalipira kuti chiyani?

Ndinaitana Belita. Anabwera n'kukhala pansi chapatali, monga achitira akazi pakakhala nkhani. Ndinati ine ndine mlendo, basi yanga ili pafupi, koma sindichoka mpaka wina anene chinachake.

Nkhuku zinadutsa pakati pathu.

Potsiriza aMulenga analankhula, maso ali pa nsapato zawo. Anati Lachisanu apempha tchuthi, apita naye kuchipatala chachikulu. Anati makatoni achoka lero lomwe, akawasiya kwa mnzawo wosakwatira amene ali ndi chipinda cha loko. Kenako anati, "Uja wa pa bafa naye nizatenga."

Sanati ndimakukonda ngakhale ude. Sanati khungu si kanthu. Ine ndinkafuna Belita amve mawu amenewo, ndipo ndinatsala pang'ono kuwanenera. Koma Belita anadzuka, analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi kachidutswa ka sopo konyowa, n'kukaika pamwamba pa wilibala.

Ndinamupempha kuti akabwera kuchipatala adzakhale nafe ku Nyimba mpaka mapazi ataphwa, mlamu wake azimusamalira. Anakana.

"Nikachoka, nizabwela nili wakuda kamodzi na kamodzi, ngati mlendo. Bwino azinione tsiku na tsiku. Ngati ni kuzolowela, azolowele pang'ono pang'ono. Ngati ni kuthawa, nione na maso anga."

Amuna ake anamva. Sanachoke pamene anakhala.

AMulenga anandiperekeza kokwerera basi. Njira yonse tinkakamba za mvula ndi za mtengo wa feteleza. Basi itafika, ndili pafupi kukwera, anandigwira mkono.

"Alamu, nifunseko. Kale, asanayambe, enze kuoneka bwanji?"

Ndinafuna kuyankha msanga, koma ndinapeza kuti ndikuchita kufufuza m'mutu. Chithunzi cha nthawi imeneyo tilibe, kumudzi kunalibe wojambula. Ndinakumbukira kamtsikana kothamanga ndi mtolo wa nkhuni, mano oyera, kuseka kosatha. Mtundu weniweni wa khungu lake unandithawa. Ine mlongo wake, wobadwa naye mimba imodzi.

"Anali ngati amayi athu," ndinatero.

"Amai anu sininawapeze."

Kondakitala anamenya chitseko, ndipo ndinakwera.

Pamene ndikulemba pano sindinamve zimene apeza kuchipatala. Makatoni ali m'chipinda cha munthu wosakwatira, akudikira yankho la ku Lusaka. Akuluakulu amene muwerenga tsamba lino, chonde tiuzeni kokataya zinthuzi, tiuzeninso m'chilankhulo chathu mayina a sopo amene tizimuthawa, chifukwa mayi wa pamsika uja adakali ndi funso lake.

Koma inu abambo anzanga, funso langa ndi lina. Lero mukafika kunyumba muyang'ane bwino munthu amene akukulandirani pakhomo. Ngati lamuloli ligwiradi ntchito, miyezi ikubwerayi akazi ambiri abwerera ku nkhope zimene anabadwa nazo, ena ndi zipsera, ena ndi mawanga, onse ndi mantha. Boma lanena mbali yake pawayilesi. Nanga inu, mukamupeza ataima pagalasi, mudzamuuza chiyani?